Shehe, mukamakhota muzitiuza

Zaka zoposa 1,200 zapitazo, Sharik ibn Abdullah, yemwe adali Qadhi wa mzinda wa Kufa m'dziko la Iraq, adali pakati pa ophunzira ake kuwalembetsa Hadisi. Monga mwa mwambo wa maphunziro a masiku amenewo, adayamba ndi kutchula anthu amene Hadisiyo idadzera m'kamwa mwawo: iye adamva kwa al-A'mash, al-A'mash adamva kwa Abu Sufyan, Abu Sufyan adamva kwa Jabir, ndipo Jabir adamva kwa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Mayinawa ali mkati motchulidwa, padafika Thabit ibn Musa, munthu amene ankadziwika ndi kupemphera kwambiri. Sharik atatchula dzina la Mtumiki adakhala kaye chete kuti olemba amalize kulemba. Pokweza maso adamuona Thabit, ndipo pofuna kumuyamikira adanena kuti munthu wochulukitsa Swala za usiku nkhope yake imakongola usana.

Thabit adali atamva mayina aja, adamvanso dzina la Mtumiki (SAW), kenaka adamva mawu okoma. Adaziphatikiza zonsezo n'kutuluka akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wamva Hadisi. Adayamba kuuza ena, enawo n'kuuzanso anzawo, mpaka mawu a Sharik adakalowa m'buku la Sunan la Ibn Majah ngati mawu a Mtumiki. Akatswiri a Hadisi ndiwo adadzafufuza pambuyo pake n'kulongosola mmene zidakhalira. Pa anthu awiriwa palibe amene adafuna kunama. Chidasowa ndi chiganizo chimodzi chokha. Sharik akadangoti, "Tiyambe taima kaye ndimulonjere mlendoyu," kenaka n'kudzati, "Tsopano tibwerere ku Hadisi yathu," chisokonezo chonsechi sichikadachitika.

Takumbutsa nkhaniyi chifukwa zimene zidamugwera Thabit zikutigwera ifenso kawirikawiri m'mizikiti yathu, kuyambira ku Makanjira ndi ku Mangochi mpaka ku Salima ndi ku Nkhotakota. Mashehe athu ambiri ndi anthu ophunzira, ndipo zimene amatiuza zimakhala zoona. Koma pokonza ulaliki, ambiri amasamala za mfundo zokha, n'kuiwala mawu owolotsa omvera kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Tikunena ziganizo zing'onozing'ono monga "apa ndamaliza za udhu, tsopano ndilowe za Swala", "mawu a Allah athera pamenepa, otsatirawa ndi anga", "zimene ndanenazi zili ndi anthu amene sizikuwakhudza, ndipo ndi awa". Ena amaziona ngati zotayitsa nthawi. Ife tikuti ziganizo zimenezi ndi mbali ya udindo umene munthu amasenza akakwera pa mimbari, ndipo wozisiya amatha kusokeretsa anthu pamene mawu ake onse ali oona.

Inu amene mukuwerenga tsamba lino muli ndi mwayi umene munthu wa mumzikiti alibe. Mukuona pamene ndime yathera ndi pamene ina yayambira. Mwana akakusokonezani, mubwerera pamwamba n'kuyambiranso. Mawu apakamwa sadikira munthu. Akatuluka atuluka, ndipo amene maganizo ake adapita kaye ku ngongole ya kugolosale amabwerera n'kupeza nkhani ili kwina. Pa Jumu'ah zinthu n'zovutirapo. Hadisi ya Abu Huraira, imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, imatiphunzitsa kuti Imamu akakhala pa khutba, ngakhale kumuuza mnzako kuti akhale chete kumawerengedwa ngati kulankhula zopanda pake. Choncho munthu amene wasokera sangakodole mnzake n'kumufunsa kuti Shehe ali pati tsopano. Sangakweze dzanja ngati m'kalasi. Chipembedzo chamutseka pakamwa, ndipo chachita bwino. Komatu ngati womvera walamulidwa kukhala chete, ndiye kuti mtolo wonse woonetsetsa kuti asasokere wagwera amene akulankhulayo.

Amene adakwerapo minibasi ya usiku kuchoka ku Liwonde kupita ku Mangochi akudziwa kufunika kwa kondakitala wotchula masiteji. Kunja kuli mdima, zenera silikuonetsa kanthu, koma akakuwa kuti "Ulongwe!" ngakhale amene sakutsika amadziwa pamene afika ndi mtunda umene watsala. Dalaivala yekha ndiye saona kufunika kwa kukuwako, poti msewuwo amayendamo tsiku ndi tsiku. Wolalikira ali pa mpando wa dalaivala. Ulalikiwo wakhala nawo m'mutu sabata yonse, pokhota paliponse akupadziwa, ndipo kudziwa komweko ndiko kumamuiwalitsa kuti anthu onse amene ali kumbuyo kwake akuyenda njirayo koyamba.

Luso limeneli sitikulibwereka kwa anthu akunja. Lili pakhomo penipeni pa khutba iliyonse. Imamu akatha kutamanda Allah ndi kumupemphera madalitso Mtumiki (SAW), amati amma ba'd. Ambiri a ife tidawazolowera mawuwa kuyambira tili ana, moti timawamva ngati mbali ya dua. Tanthauzo lake ndi lakuti "zitatha izi", kapena monga tinganenere kwathu kuno, "tsopano tibwere ku nkhani". Mawuwa alibe lamulo m'kati mwake, alibe nkhani, alibe chenjezo. Ntchito yake ndi kuika malire pakati pa chiyambi ndi chimene anthu aitanidwira. Komabe Imam Bukhari, yemwe adamwalira m'chaka cha 870, adawaona kukhala ofunika mpaka adawapatsa mutu wakewake m'gawo la Jumu'ah la buku lake la Sahih, n'kusonkhanitsa pansi pa mutuwo Mahadisi oonetsa Mtumiki akuwagwiritsa ntchito. Mawu omwewa akupezekanso m'kalata imene Mtumiki (SAW) adatumiza kwa Heraclius, mfumu ya Aroma, atangotha malonje.

Mu Sura ya 38, Saad, ndime 20, Allah akutiuza kuti adamupatsa Mneneri Dawud nzeru pamodzi ndi luso losiyanitsa zinthu polankhula. Omasulira Qur'an ambiri amati apa akunena luso loweruza milandu. Ena mwa akale, monga al-Sha'bi, adati akunena amma ba'd yemweyu. Maganizo achiwiriwa ndi a omasulirawo, si mawu a ndimeyo, ndipo sitikufuna kuti wina akatuluke muno n'kumati Qur'an yatchula amma ba'd. Chimene tikufuna muone n'chakuti anthu ophunzira a m'zaka zoyambirira za Chisilamu sadaone chachilendo kuika mawu owolotsa omvera pafupi ndi nzeru zimene mneneri adapatsidwa. Naye al-Jahiz wa ku Basra, m'buku lake la al-Bayan wa al-Tabyin, adasunga yankho la munthu wina wa ku Perisiya amene atafunsidwa za luso la kulankhula adati lagona pa kudziwa pofunika kudula ndi pofunika kulumikiza.

Mtumiki mwiniwake (SAW) sankasiya omvera ake mumdima. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adafotokoza kuti iye sankathamangitsa mawu, moti munthu wofuna kuwawerenga akadatha kutero. Anas ibn Malik adati ankabwereza mawu katatu kuti amveke. Mahadisi ambiri amayamba ndi chiwerengero: nsanamira zisanu za Chisilamu, zizindikiro zitatu za munthu wachiphamaso, machimo asanu ndi awiri owononga, magulu asanu ndi awiri a anthu amene adzakhale mumthunzi pa tsiku lopanda mthunzi wina. Munthu akauzidwa kuti zinthu zilipo zisanu ndi ziwiri amakonzeratu malo asanu ndi awiri m'mutu mwake, ndipo akafika kunyumba n'kupeza kuti wakumbukira zisanu, amadziwa yekha kuti ziwiri zathothoka, n'kupita kukafunsa.

Chitsanzo chimene chimatigwira mtima ndi cha m'Hadisi ya Abu Bakra. Mtumiki (SAW) adawafunsa Maswahaba katatu ngati angawauze za machimo aakulu kuposa onse. Funso lokhalo lidali lokwanira kudzutsa aliyense. Adatchula kumuphatikiza Allah ndi zinthu zina, adatchula kunyoza makolo. Nthawi yonseyi adali atatsamira. Pofika pa umboni wonama adadzuka n'kukhala tsonga, nayamba kubwereza chenjezolo mpaka Maswahaba adalakalaka akadaleka. Abu Bakra adakumbukira ngakhale kakhalidwe ka thupi, chifukwa kudzukako kudali chizindikiro chakuti nkhani yalowa pena. N'chimodzimodzinso pa Hajj yotsanzikana m'chaka cha 632. Asanalengeze za kupatulika kwa magazi, chuma ndi ulemu wa Msilamu, adayamba wawafunsa anthu kuti linali tsiku lanji, mwezi wanji ndi mzinda wanji. Mayankho ake aliyense ankawadziwa. Mafunsowo adali mlatho wochotsa anthu pa chimene ankachilemekeza kale kupita nawo pa chimene iye ankafuna achilemekeze. Ngakhale kukhala pansi pang'ono kumene Imamu amachita pakati pa makhutba awiri kumauza maso a anthu kuti gawo lina latha.

Ofufuza za maphunziro a masiku ano adaiyesa nkhaniyi ndipo adapeza zogwirizana ndi zimenezi. M'chaka cha 1972, John Bransford ndi Marcia Johnson a ku America adamvetsera anthu ndime yofotokoza ntchito inayake popanda kuitchula dzina: kusanja zinthu m'magulu, kusachulutsa nthawi imodzi, kuzibwezera m'malo mwake pomaliza. Ntchitoyo idali kuchapa zovala. Amene adauzidwiratu mutuwo asanamve ndimeyo adakumbukira mfundo zochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sadauzidwe. Amene adauzidwa mutuwo atamva kale sadapindule kanthu. Adafanana ndi osauzidwa aja. Mawu adali omwewo, makutu adali abwinobwino, chidasiyana ndi nthawi imene munthu adadziwira kumene nkhani ikupita. Mashehe amene amakonda kusunga mutu wa ulaliki mpaka kumapeto, pofuna kuti anthu adabwe, aganizirepo bwino pamenepa.

Kafukufuku wina amene akutikhudza kwambiri ndi wa Craig Chaudron ndi Jack Richards, amene adasindikizidwa m'chaka cha 1986. Iwowa adajambula phunziro limodzi la mbiri ya dziko la America m'njira zingapo, n'kumvetsera ophunzira amene Chingerezi sichidali chilankhulo chawo chobadwa nacho. M'njira ina adaikamo timawu ting'onoting'ono todzaza mpata, tofanana ndi "chabwino", "ndiye", "tsono". M'njira ina adaikamo ziganizo zathunthu zouza womvera kuti gawo ili latha, lotsatira ndi lakuti. Ophunzira amene adamva ziganizo zathunthuzo ndiwo adagwira bwino phunzirolo. Timawu ting'onoting'ono tija sitidathandize chimodzimodzi.

Tikuti kafukufukuyu akutikhudza chifukwa m'mizikiti yathu ya m'mbali mwa nyanja anthu ambiri amamva ulaliki m'chilankhulo chimene sadayamwire. M'mizikiti ina khutba imawerengedwa m'Chiarabu, ulaliki wa m'Chichewa kapena m'Chiyao n'kukhala padera; ina imalalikira khutba yomweyo m'chilankhulo cha anthu. Mkangano wa njira ziwirizi tiusiye kaye lero. M'njira zonse ziwiri, agogo a ku Malindi amene adakula akulankhula Chiyao amamvera Shehe wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiarabu, nthawi zina ndi Chingerezi chomwe, pamene mdzukulu wawo wokulira ku Lilongwe akuvutika ndi Chiyao cha Shehe wa kumudzi. Munthu womvera m'chilankhulo chachiwiri mphamvu zake zambiri zimathera pa kutola liwu lililonse, ndipo zotsala zoti alondolere msana wa nkhani zimachepa. Akabwera mlendo wolankhula kudzera mwa womasulira zimaipiratu, chifukwa womasulira wothamangitsidwa amayamba kutaya mawu olumikiza omwewo, poganiza kuti chofunika ndi mfundo zokha. Mlendo anena kuti "ngakhale zili choncho", womasulira n'kungoti "komanso", ndipo mfundo yotsutsa ija isanduka yovomereza.

Tisaiwale za amayi athu ndi alongo athu. M'mizikiti yambiri iwo amakhala kuseri kwa khoma kapena kwa nsalu, ndipo Shehe amawamvera pa chimkuzamawu chokha. Saona pamene Shehe atseka buku, pamene akweza chala chachiwiri, pamene amwetulira posonyeza kuti akunena nthabwala. Zizindikiro zonse za thupi zimene amuna a m'mizere yakutsogolo amadalira, kwa iwo kulibe. Ambiri amakhalanso ali ndi mwana pamiyendo. N'chimodzimodzi amene malo awathera n'kukhala panja padzuwa, msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse n'kufika tulo tili m'maso, ndi wodwala amene akumvera Radio Islam ali gone. Anthu onsewa njira yawo ndi makutu basi. Ngati kukhota kwa nkhani sikutchulidwa ndi pakamwa, kwa iwo nkhaniyo sinakhote.

Tidaziona ndi maso athu Ramadhani ina. Azakhali athu, amene amadwala matenda a shuga, adapita ku Jumu'ah yomaliza mwezi usanaoneke. Shehe adalalikira mwamphamvu za kuopsa kwa kumasula swaumu popanda chifukwa, ndipo adakhalitsa pamenepo. Za anthu amene aloledwa kusasala adazinena ndithu, amuna amene adali kutsogolo adachitira umboni, koma adazinena mothamanga, m'mpweya womwewo wa chenjezo lija, popanda kuima n'kunena kuti tsopano akulowa gawo lina. Azakhali, kuseri kwa khoma, adamva odwala akutchulidwa pakati pa mawu oopseza, ndipo adatola zakuti ngakhale odwala asayerekeze. Adasiya kumwa mankhwala masana, sadauze munthu, ndipo patapita masiku ochepa tidawanyamula kupita nawo kuchipatala ali lefu. Adachira, Alhamdulillah. Titakawafotokozera Shehe aja adadandaula kwambiri, n'kunena kuti, "Komatu ndidanena." Adanenadi. Tsono taonani mmene Qur'an yomwe idaisamalira nkhaniyi: mu Sura al-Baqarah chilolezo cha wodwala ndi wapaulendo chatchulidwa m'ndime 184, n'kubwerezedwanso m'ndime 185, pafupi penipeni ndi lamulo la kusala, kuti wakumva lamulo asaphonye chilolezo.

Ngozi yaikulu kuposa imeneyi ndi ija ya Thabit, yosokoneza mwini mawu. Shehe awerenga ndime ya Qur'an m'Chiarabu, aimasulira, awonjezera ndemanga ya buku la tafsiri, apereka nkhani ya munthu wina woopa Mulungu wa ku Baghdad, n'kumaliza ndi maganizo awo pa khalidwe la achinyamata a kudoko, zonsezo m'liwu limodzimodzi, mosapumira. Iwo akudziwa pamene chilichonse chathera. Bambo amene wakhala mzere wachisanu sakudziwa. Akafika kunyumba n'kufunsidwa ndi akazi awo kuti kunali zotani ku Jumu'ah, ayankha kuti "Qur'an ikuti", n'kutchula maganizo a Shehe. Paja akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Zikakhala za achinyamata a kudoko mwina palibe chowonongeka. Koma zikakhala za talaka, za mahari kapena za chuma cha masiye, mabanja amapasuka. Pa chuma cha masiye makamaka, pamene mwambo wa makolo athu wopatsa mphamvu atsibweni ndi ana a mlongo umasiyana ndi magawo a Sharia, wolalikira amene akufotokoza zonse ziwiri ayenera kunena momveka kuti "uwu ndi mwambo, ndaumaliza, tsopano imvani Sharia". Akapanda kutero, pa tsiku logawa katundu mbali zonse ziwiri zidzalumbira kuti zidamva kwa Shehe yemweyo.

Akatswiri a Hadisi adaiopa ngoziyi mpaka adaipatsa dzina. Mawu a wofotokoza amene alowerera m'mawu a Mtumiki (SAW) popanda malire amawatchula mudraj, ndipo al-Khatib al-Baghdadi, yemwe adamwalira m'chaka cha 1071, adalemba buku lathunthu longolekanitsa mawu otere. Chitsanzo chodziwika ndi cha Abu Huraira, amene adapeza anthu akuchita udhu n'kuwalangiza kuti auchite mokwanira, chifukwa Mtumiki adachenjeza za zidendene zosiyidwa zouma. Ena mwa ofotokoza a pambuyo adataya kachigawo kapakati kaja, kakuti "chifukwa Mtumiki adati", ndipo malangizo a Abu Huraira adaphatikana ndi chenjezo la Mtumiki. Ngati anthu amene moyo wawo wonse udali wosunga mawu adatha kuterereka pamenepa, nanga ife amene timabwera ku mzikiti titatopa ndi msika?

Masiku ano kwabweranso lamya za m'manja. Ulaliki wa mphindi makumi atatu umadulidwa n'kutsala mphindi imodzi yoyenda pa WhatsApp. Shehe amene amati akafuna kutsutsa maganizo olakwika amayamba wawafotokoza nthawi yaitali ngati awo, n'kudzawagwetsa kumapeto, akudziika pa msampha. Wodula adula asanafike pogwetsapo, ndipo mawa lake boma lonse likuti Shehe uja walola zakutizakuti. Munthu wa mtima woipa sitingamuletse kudula. Koma amene amati "awa ndi maganizo amene ndikuwakana" poyamba, pakati ndi pomaliza, amamuchepetsera wodulayo malo oika mpeni.

Tikudziwa kuti ena satigwirizana nazo. Iwo akuti khutba si phunziro la m'kalasi. Ntchito yake ndi kugwedeza mitima, ndipo munthu amene akungoti "mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri" amazimitsa moto. Dandaulo limeneli lili ndi pake. Tidamvapo maulaliki osanjidwa bwino kwambiri koma ouma ngati lipoti la komiti ya chitukuko, ndipo tidatuluka mitima ili momwe idalowera. Komabe yankho lili m'Hadisi ya Jabir ibn Abdullah m'buku la Muslim. Iye akufotokoza kuti Mtumiki (SAW) akamachita khutba maso ake ankafiira, mawu ankakwera, ngati munthu wochenjeza asilikali za adani amene ali pafupi. M'Hadisi yomweyo, Jabir akupitiriza kunena kuti Mtumiki ankati amma ba'd. Moto udalipo, malire adaliponso, m'khutba imodzi. Ndipotu munthu wochenjeza za adani ndiye ayenera kumveka bwino kuposa wina aliyense, chifukwa anthu akapanda kumva kumene adaniwo akuchokera athawira komweko.

Chimene tingavomereze n'chakuti mawu owolotsa ali ndi abale awo onyenga. "Ndiye kuti", "eti", "mwamvatu", "basi" obwerezedwa pa chiganizo chilichonse sawolotsa munthu. Amangomupatsa wolankhula mpata wopumira. Chiganizo chowolotsa chenicheni chimagwira mbali ziwiri: chimatchula kumene tachoka ndi kumene tikupita, ndipo chikakhala chabwino chimanenanso chifukwa chake. "Taona kuti Zakaat ndi lamulo, funso lotsala ndi lakuti kodi msodzi wa bwato limodzi imamukhudza?" Munthu amene adasokera mphindi zisanu zapitazo akamva chiganizo chotere amakweranso. Ndipo pali liwu limodzi limene tikupempha kuti lizilemekezedwa, ndilo "pomaliza". Tonse tikumudziwa mlaliki amene amati "pomaliza" kanayi, anthu n'kumakonza miyendo kanayi konse. Akatero kawiri katatu anthu amaleka kukhulupirira zizindikiro zake zonse, ndipo tsiku limene adzanene kuti "apa mvetserani bwino" adzapeza atatseka kale makutu. Paja Hadisi ya Ammar ibn Yasir imati kufupikitsa khutba ndi kutalikitsa Swala ndi chizindikiro cha kuzindikira kwa munthu. Amene wakonzeratu mmene adzawolokere kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina amazindikira msanga mfundo imene ilibe mlatho, n'kuisiyira Lachisanu lina, ndipo khutba imafupika yokha.

Nkhaniyi sikuthera mumzikiti. Ankhoswe olangiza pa nikah, wolengeza dongosolo pa maliro, mlangizi wa zaumoyo wofotokoza za kolera kusikelo, wapampando wa komiti ya kudoko wofotokoza za nyengo yotseka nyanja, onsewa amalankhula kwa anthu amene alibe pepala m'manja. Agogo athu okamba nthano ankalidziwa vutoli. Iwo akati "padangokhala", ife tinkayankha kuti "tili tonse", ndipo tinkapitiriza kuyankha choncho nthano yonse. Mayankho akayamba kuchepa agogo ankadziwa kuti ena atsalira m'mbuyo kapena agona. Pa khutba sitingayankhe. Shehe ayenera kudzifunsa okha m'malo mwathu ngati tikadali tonse.

Pempho lathu likupita makamaka ku madrasa ndi ku masukulu amene akuphunzitsa Mashehe a mawa. Ana athu amaphunzitsidwa kuloweza, ndipo amaloweza modabwitsa. Amaphunzitsidwanso kuima pagulu pa zikondwerero za madrasa. Chimene sitidachionepo kawirikawiri ndi mwalimu womuimitsa wophunzira pakati pa ulaliki woyeserera n'kufunsa anzake kuti, "Mawu amene wangonenawa ndi a ndani?" Funso limenelo likafunsidwa sabata iliyonse, mwanayo adzazolowera kutseka ndime ya Qur'an asanatsegule ndemanga yake. Kwa amene ali kale pa mimbari, njira yodziyesera ndi yapafupi. Madzulo a Lachisanu afunse munthu mmodzi wa kuseri kwa khoma, kaya ndi mayi a kunyumba kwawo kaya mlongo wawo, kuti atchule mfundo za ulaliki m'ndondomeko yake, ndi kusonyeza zimene zidali za Allah, za Mtumiki ndi za Shehe. Asafunse wa mzere woyamba, amene adaona zonse ndipo sangafune kuwakhumudwitsa. Nafenso omvera tili ndi mbali yathu: Swala ikatha pakamwa pamatseguka, ndipo palibe cholakwa kupita mwaulemu n'kukafunsa kuti, "Shehe, mawu aja anali Hadisi kapena anali anu?"

Anas ibn Malik adamutumikira Mtumiki (SAW) zaka khumi, kumuona m'mawa ndi madzulo, ndipo ali m'gulu la Maswahaba amene adafotokoza Mahadisi ochuluka zedi. Komabe zidalembedwa kuti akatha kunena Hadisi ankawonjezera mawu otanthauza kuti "kapena monga mmene adanenera Mtumiki wa Allah". Ankatero poopa kuti mwina liwu lina lasintha m'kamwa mwake. Omvera ake ankapindulanso china ndi chizolowezi chimenechi: akangomva mawu amenewo ankadziwa kuti Hadisi yathera pamenepo, ndi kuti amene akulankhula tsopano ndi Anas.